Jekete la Nduna ya Mvula

A Weston anali atalowetsa kale mkono umodzi m'jekete pamene alamu awo, a Tamara, anawagwira pachigongono. Panali patangopita masiku ochepa chiikireni m'manda a Gordon Mhango, ndipo abale ankagawana zovala za malemu pamkeka, kuseri kwa nyumba ku Kawale.

A Tamara anati atenge nsapato, atenge malaya onse, koma jeketelo ayi. Amuna awo ankalivala m'sewero limene anapeka pa chilala cha 1992, ndipo anzawo a zisudzo ankafuna kulionetsanso Loweruka ku Chinsapo, ngakhale wolowa m'malo mwawo anali asanapezeke. Popanda jekete lofiiralo, ndani akanaizindikira Nduna ya Mvula?

Ndunayo inali yoseketsa zedi. Mvula itakana, inakhazikitsa komiti yokakambirana ndi mitambo. Chitsime chitauma, inachiitanira apolisi. Anthu akalira njala, inkawauza kuti adikire lipoti.

A Weston, mng'ono wa malemu, mkulu wa mpingo ku Rumphi, sanaseke. Anati zibwana zomwezi zinatsala pang'ono kuwatsekeretsa achimwene awo m'masiku a chipani chimodzi, choncho jekete lipite kumudzi lizikalowa m'tchalitchi. Analivala lonse n'kupisa dzanja m'thumba. Chala chinatulukira kunsi, tinjere touma n'kugwera pamkeka.

"Alamu, munthu n'kumayenda ndi thumba lobooka? Singano munalibe?"

"Ndinasoka, iwo n'kuboolanso," anatero a Tamara, akuseka misozi ili m'maso. "Ankati Nduna izilankhula, thumba lizigwira ntchito."

A Tamara anawalozera mitengo ya keshya imene inamera pa njere zogwa m'thumbamo, m'mbali mwa msewu wopita kumsika, ina itapitirira kale madenga. Njira iliyonse imene malemu ankadutsa popita kukachita sewero inali choncho.

A Weston anaiyang'anitsitsa mitengoyo. Kenaka anakhosomola, anatukula chifuwa, n'kulamula kuti mitambo yonse ifike kumsonkhano mawa m'mawa, wochedwa achotsedwa ntchito. Mawu ake, a Gordon enieni! Azimayi amene anatupa maso ndi kulira anaseka mpaka kugwirana, mwina anali asanasekepo chotero chaka chonse.

"Basi ya ku Rumphi ipite yokha," anatero a Weston. "Ku Chinsapo n'kutali bwanji?"

Asanayankhidwe anagwada, anatola njere zija pamkeka, n'kuzibwezera m'thumba lobooka lija. Ndiye anatulukira pageti, akuyenda pang'onopang'ono m'mbali mwa msewu, mbali imene inalibe mthunzi.