Dzanja la a Kuang ndi Gasi wa M'chipululu

A Kuang Deshun, amene tinkagwira nawo ntchito mu ofesi ina yoona za ubale ndi mayiko akunja ku Beijing, anali katswiri wa mpira wa patebulo. Ali mnyamata anatengapo chikho kwawo ku Hebei.

Chaka china mafakitale athu ankalira magetsi, ndiye kunabwera nduna ya dziko lina la m'chipululu lomwe lili ndi gasi wosaneneka. Zokambirana zinkayenda mwa ukamba, mpaka ndunayo inatchula kuti imakonda mpira wa patebulo. Bwana wathu, mayi Pei, anaitana a Kuang.

"Mawa musewera ndi mlendo. Mugonje, koma asazindikire."

A Kuang anayesa kudandaula, koma mayiwo anangowafunsa ngati akufuna kuti dziko lonse lizidya zakudya zozizira mumdima chifukwa cha ulemu wa munthu mmodzi.

Vuto linali loti ndunayo sinkadziwa chilichonse. Ikamenya, kampira kankalowera kudenga, mwina m'kapu ya tiyi ya womasulira. Kakagwera patebulo mwangozi, dzanja la a Kuang linkabweza lokha, poti dzanja silimva malamulo a boma. Mayi Pei ankangotsokomola. A Kuang anasinthira kudzanja lamanzere, napunthwa dala, natsinzina, mpaka anagonja thukuta lili kamukamu. Madzulo ake mgwirizano unasainidwa.

Nkhaniyi inafika kudziko loyandikana ndi la nduna ija, lomwe silipalana moto ndi loyambalo koma limatigulitsa mafuta. Nduna yawo nayonso inabwera, ikufuna kugonjetsa munthu yemweyo mochititsa manyazi kwambiri. Popeza ife sitikondera mbali, a Kuang anauzidwa kuti agonje ndi zigoli zofanana ndendende. Nduna imeneyi inali mbuli yoposa inzake, moti ankachita kuikumbutsa mbali yoimira.

Itapambana, ndunayo inawagwira paphewa mwachifundo.

"M'bale wanga, luso ulibe, koma mtima uli nawo. Ndikabweranso ndidzakuphunzitsa."

Ndipo imabweradi. Imawaonetsa kagwiridwe kolakwika, iwo n'kumathokoza.

A Kuang anakwezedwa pantchito. Pano akuphunzira tchesi, chifukwa nduna ya dziko lina la malasha imakonda masewerawo, ndipo mayi Pei akuti munthu sangagonje bwino pa zimene sazidziwa.