Kamera ya Komiti ya Pagombe

Kamera ija itafika ku Lungwena, anthu anaiseka. Inali yaing'ono ngati sopo, yokwana m'thumba la shati. Koma mayi Nadia, amene anabwera nayo kuchokera ku bungwe lina loteteza nsomba, anati ndi yapamwamba kwambiri, ifunika munthu wosamala. Komiti ya pagombe inasankha msodzi wina wolankhulalankhula, dzina lake Jailosi.

Jailosi anaizolowera msanga. Akadina batani, diso lake linkatuluka lokha. Akapotoza kamphete kakutsogolo, bwato looneka ngati kadontho pakati pa nyanja linkabwera pafupi mpaka kuonetsa zigamba zake. Sinkalira pojambula, ndipo ngakhale dzanja linjenjemere, chithunzi chinkatuluka choyera mbee. Ntchito yake inali kujambula ogwiritsa ntchito maukonde oletsedwa. Masabata atatu anatha bwato lake lili pamchenga, iye akungoyendayenda, kamera ili pakhosi.

Lachiwiri lina m'mawa anaona azimayi awiri patali, kuseri kwa bango, akukoka neti ya udzudzu m'madzi ofika m'chiuno. Dzuwa linkawala pagalasi la kamera moti sankaonapo bwino. Anangolozetsa, n'kudina kasanu. Tsiku lomwelo anapereka khadi losungira zithunzi kwa mayi Nadia osayang'ananso.

Msonkhano unachitika Lachisanu masana m'kalasi. Anthu anadzaza mpaka m'mawindo. Mayi Nadia atatsegula laputopu, Jailosi anaimirira.

"Anthu ngati awa alibe manyazi," anatero akuloza chithunzi cha azimayi aja. "Akutithera tiana ta nsomba. Chikulitseni, mayi, aliyense awaone."

Mayi Nadia anakulitsa. Kamera inali itapeza yokha nkhope ya mzimayi wakutsogolo. Madontho a madzi ankawerengeka pamkono pake, ngakhale mtsempha wa pakhosi unkaoneka. Anali Benedicta, mkazi wa Jailosi.

Wina pawindo anayamba kuseka, mnzake n'kumugunda ndi chigongono. Jailosi anakhala pansi.

Tcheyamani wa komiti, a Swadick, anakonza kukhosi. "Lamulo ndi limodzi. Netiyo ilandidwe. Mukatenga ndinu, a Jailosi, kapena titume wina?"

"Ndipita ndekha."

Nkhani inafika kunyumba iye asanafike. Anapeza Benedicta akutembenuza tinsomba pathandala.

"Akuti mwandijambula bwino," anatero mkaziyo osatukula mutu.

"Bwanji sunandiuze?"

"Masabata atatu mwakhala mukudya ndiwo muno, bambo a Lusiya. Dzulo munachita kupempha zoonjezera. Munafunsapo kuti zikuchokera kuti?"

Benedicta analowa m'nyumba, n'kutuluka ndi netiyo, idakali yonyowa, n'kumuika m'manja. Inali ija ankagonamo mwana wawo Lusiya.

Anainyamula paphewa, madzi akudonthera pashati. Njira yobwerera ku sukulu inkadutsa pamsika. Azimayi ogulitsa tomato anangosiya kucheza mpaka atadutsa.

Anaika netiyo patebulo pamaso pa a Swadick, kenako anavula kamera n'kuiika pambali pake.

"Kamerayo sitinakulandeni," anatero a Swadick.

"Ndikudziwa. Mupatseni wina."

M'mawa mwake anafutukula ukonde wake wololedwa, n'kupeza kuti makoswe aunyenya malo anayi. Anakhala kuseri kwa nyumba, komwe odutsa sakanamuona, n'kuyamba kusoka. Nthawi itapita, Benedicta anabwera ndi ulusi wina, anauika pafupi ndi phazi lake, n'kubwerera m'nyumba.