Jekete Yotsala pa Gombe

M'thumba munatsala jekete imodzi.

Ingunn analigwedeza thumbalo kachiwiri ngati kuti lingasinthe maganizo. Jekete yofiira yoyandamitsa munthu pamadzi inali momwemo ndithu, yokhayokha, malamba ake atapindidwa bwinobwino. Lamulo la ntchito yawo linali losavuta: mlendo akatsika m'boti amavula jekete n'kuiponya m'thumba, ndipo pobwerera kusitima amatengamo imodzi. Thumba likapanda kanthu ndiye kuti pamtunda sipanatsale munthu. Pa zaka zisanu ndi zinayi zimene Ingunn anakhala akutsogolera alendo kuzilumba zozizira za Svalbard, kumpoto kwenikweni kwa dziko lapansi, thumba linali lisanamunamizepo.

Masana amenewo anachoka pagombe mothamanga. Mlonda wawo wa pachitunda anaona chimbalangondo choyera chikutsika m'chigwa, chifunga chili pambuyo pake. Ingunn analiza lipenga katatu, ndipo anthu amene kwawo sathamangira chilichonse anathamanga, makamera akuwamenya pachifuwa. Maboti anayi anapita. Panatsala limodzi, la Renato, injini ikulira, mphuno yake ili pamiyala.

Wailesi ya paphewa pa Ingunn inakhosomola. Anali a Torleif, kaputeni wa sitima. Anati makina a pakhomo la sitima awerenga makhadi onse: alendo 104 anatsika, 104 abwerera. Anatinso mphepo yatembenuka, madzi oundana akudzaza pakati pa mapiri awiri pamene sitima inalowera, ndipo njira yotulukira ndi yomweyo basi.

"Kuno kwatsala jekete," anatero Ingunn.

"Jekete siili pa mndandanda wa alendo. Kwera boti."

"Sinabwere yokha, Kaputeni."

A Torleif anapuma mwamphamvu mpaka wailesi inachita phokoso. Anamupatsa mphindi khumi ndi zisanu. Zikatha, sitima inyamuka, ndipo iye ndi Renato adzaipeza kunja kwa mapiri awiri aja ngati boti lawo lingapeze mpata.

Ingunn anayang'ana m'chifunga, mfuti ili kumsana. Anaona njira zitatu zokha. Mwina wina anakwera boti osavala jekete. Mwina m'mawa munalowa jekete yapadera. Apo ayi, makina akunama. Anafunsa oyendetsa maboti mmodzimmodzi pa wailesi, onse anakana. Renato anachita kukhumudwa nalo funsolo.

"Madamu, m'boti langa simukwera munthu wamaliseche. Ngakhale mwini kampani ndingamubweze."

Jekete yapadera inali yosatheka, chifukwa Ingunn anakutumula yekha thumbalo asanaliike pansi. Ndiye panatsala makina. Koma makina sanama, amangobwereza zimene auzidwa. Sawerenga nkhope, amawerenga makhadi.

Anaitana mtsikana wa pakhomo la sitima n'kumufunsa ngati pali munthu amene anagunditsa makhadi awiri. Mtsikanayo anayamba wakana, kenako anati palibe, kupatula Arnel, koma Arnel amatero tsiku lililonse.

Arnel anali wantchito wa chipinda chapamwamba kwambiri m'sitimamo, chipinda chokhala ndi bafa loyang'ana kunyanja. Ntchito yake inali yoti bambo Marchetti, nkhalamba ya ku Italy ya mafakitale a matailosi, asakhudze chilichonse chimene munthu wina angawakhudzire. Tsiku limenelo Arnel anabwera kumtunda ndi katebulo, nsalu yoyera ndi vinyo wothetheka, ndipo lipenga litalira anabwerera nazo pa boti loyamba.

Atamuika pa wailesi, Arnel anafotokoza mwaulemu wonse kuti bwana sakonda kuvula magolovesi, choncho khadi lawo amasunga ndi iye. Amagunditsa lake, kenako la bwana, bwana n'kumangodutsa. Lero anachitanso chimodzimodzi. Anaganiza kuti bwana ali m'boti lotsatira, ndiye anathamanga kukawatsekulira madzi otentha.

"Uli nawo m'chipindamo?"

"Madzi okha ndi amene ali okonzeka, Madamu."

Panali patapita mphindi zisanu ndi imodzi. Ingunn anauza Renato kuti asazimitse injini, ndipo akamva kulira kwa mfuti kawiri asabwere kudzaona. Renato anati zimenezo sanazimve bwino, wailesi ikuvuta. Anali ataima pafupi naye moti akanatha kugwirana chanza.

Koma n'chifukwa chiyani munthu sangamve lipenga lolira katatu? Ingunn akuthamanga pamiyala anakumbukira chakudya cha dzulo lake. Bambo Marchetti anamudandaulira kuti kabuku ka kampani kanalonjeza bata la kumapeto kwa dziko, koma chimene apeza ndi anthu zana olankhula za mawondo awo. Anamuonetsa timakina tawo ta m'makutu tothandiza kumva n'kunena kuti mwayi wa munthu wogontha ndi woti bata amayenda nalo m'thumba.

Munthu wofuna bata sangakhale pamene pali tebulo la vinyo. Angapite kuseri kwa kanyumba kamatabwa ka alenje akale, kumapeto kwa malire amene Ingunn anaika ndi timbendera. Chigwa chija chinkathera komweko.

Kanyumbako kanatulukira m'chifunga mwadzidzidzi. Ingunn anachepetsa liwiro, natsitsa mfuti kumsana, n'kuzungulira pang'onopang'ono. Bambo Marchetti anali atakhala pa fupa la nangumi, msana atatsamira khoma, manja ali pamimba. Maso anali otseka. Ankamwetulira ngati mwana amene wabisala bwino.

Kuseri kwawo, mtunda woti munthu angaponye mwala kawiri, mbali ina ya chifunga inkayenda. Inali ndi mphuno yakuda. Chimbalangondocho sichinkafulumira. Chinkaima, n'kukweza mutu kununkhiza, n'kuyendanso, ngati mlendo amene akudziwa kuti tebulo lake palibe angamulande.

Ingunn sanafune kuchipha. Kuno chinali kwawo, ndipo kupha chimodzi kumabweretsa apolisi, mafunso, mwinanso kutha kwa ntchito. Koma pakati pa icho ndi nkhalambayo, yankho ankalidziwa. Anasolola kamfuti koopsezera n'kuwombera kuti moto ugwere patsogolo pa chilombocho. Kunaphulika, utsi wofiira unafalikira pamiyala. Chimbalangondo chinabwerera mapazi atatu n'kukhala pansi kuganizira.

Bambo Marchetti sanatsekule n'komwe maso.

Anawagwira phewa. Iwo anadzidzimuka, nakwinya nkhope, n'kuyamba kufufuza timakina tawo m'thumba ndi magolovesi osavula aja. Ingunn anangowagwira chibwano n'kuwatembenuzira mutu kumbuyo. Nkhalambayo inayang'ana nthawi yaitali. Kenako inaimirira yokha, popanda wothandiza, mwina koyamba chikwerereni sitimayo.

Kuthamanga kunali koletsedwa, chifukwa chothamanga chimaoneka ngati chakudya. Anayenda chambuyo, dzanja limodzi la Ingunn lili pa kolala ya bamboyo, lina pa mfuti. Chilombo chinadzuka n'kuyamba kuwatsatira. Ingunn anawombera moto wachiwiri. Ulendo uno sichinakhale pansi, chinangoulambalala. Wailesi inkanena kuti kwatsala mphindi zitatu, kenako ziwiri. Miyala inkaterera. Chifunga chinabisa chimbalangondo, ndipo kusachiona kunali koopsa kuposa kuchiona.

Injini inamveka pafupi kuposa mmene Ingunn ankayembekezera. Renato anali atasuntha boti m'mbali mwa gombe mpaka pansi pa kanyumbako, zimene sanauzidwe. Bambo Marchetti ananyamula mwendo kuti akwere, koma Renato anawatchinga ndi dzanja.

"Jekete kaye, bwana."

Anatulutsa jekete yofiira ija m'thumba limene anali atalikweza m'boti, nawaveka ngati mwana, n'kuwagwetsera m'kati. Boti litabwerera m'mbuyo, chimbalangondo chinatulukira m'mphepete mwa madzi, chinanunkhiza pamene panali mphuno ya boti, n'kuwayang'ana mosakwiya.

Sitima inali itayamba kale kuyenda pamene anaipeza, zidutswa za madzi oundana zikugunda m'mbali mwake. Pakhomo panaima Arnel, nkhope ili mbuu, thaulo lotentha lili padzanja. Ataona bwana wake, dzanja lokha ndi limene linakumbukira ntchito: linatulutsa khadi la bwanayo n'kuligunditsa pamakina. Makina analira mokondwa. Poti kwa iwo bambo Marchetti anali m'kati kale, anawalemba kuti atuluka.

Ingunn asanavule n'komwe chipewa, wailesi inakhosomola.

"Ingunn, makina akuti tili ndi 103. Wina akusowa."

Iye anayang'ana nkhalamba ija, imene tsopano inkavala timakina take n'kumafunsa ngati chimbalangondocho chinali pa pulogalamu. Kenako anazondotsa thumba n'kuligwedeza. Simunagwe kanthu.

"Pitirizani ulendo, Kaputeni," anatero. "Thumba lati tonse tilipo."