Mawu Onse Alimo

"Ukuwabera bambo ako, Mzime, ndipo ukuwabera chifukwa saona."

Lumo ananena zimenezi osatembenuka n'komwe. Maso ake anali pakompyuta imene ankadulirapo ndi kulumikiza zithunzi za filimu, ntchito imene inamupatsa dzinali. M'kachipindamo munkamveka fungo la fumbi lotentha ndi la nsapato zake zimene anavula.

"Palibe liwu ndachotsa," anatero Mzime. "Tsegula bukulo uone wekha."

"Bukulo ndinaliwerenga, achemwali. Ine ndimadula zithunzi, koma nzeru zanga sindinazidule."

Bukulo analemba ndi bambo ake a Mzime matenda a shuga asanawadye maso. Linkanena za namwino amene ankaba mankhwala kuchipatala n'kumakapatsa osauka a kumene ankakhala. Ambiri anachira. Koma tsiku lina mwana anamwalira m'wodi chifukwa mankhwala amene akanamupulumutsa anali m'chikwama cha namwinoyo. Mlandu unagwera mayi wokolopa. Anamuchotsa ntchito, namwino ali phee. Bukulo linkathera pomwepo: namwino akusamba m'manja, kenako akupita kwa wodwala wina. Owerenga ena ankati ndi mfiti, ena ankati ndi mngelo, ndipo bambo ankasangalala akamva kuti anthu akangana mpaka kusiya kulankhulana.

Atabwera opanga filimu, bambo anavomera koma anaika malamulo awiri: wolisandutsa filimu akhale mwana wawo, ndipo mawu a m'bukumo asasinthe. Mzime analonjeza atagwira dzanja lawo.

Wotsogolera filimu anali ndi zake. "Anthu safuna kutuluka muholo mtima uli mwala," anatero. "Namwino ameneyu timusambitse."

Tsiku limenelo Mzime anakalipa mpaka malovu kuuma. Anamutcha mkuluyo wogulitsa sopo, n'kumenyetsa chitseko. M'mawa mwake anabwerera, atamva kuti afuna mlembi wina amene angasinthe zonse. Ndipo njira anaipeza ndi iye mwini, popanda womukakamiza. Mayi wokolopa atachotsedwa ntchito, kamera ituluke panja poimika magalimoto. Dokotala atsegule kumbuyo kwa galimoto yake, mudzaze makatoni a mankhwala, pamwamba penipeni pakhale mankhwala aja a mwana. Pasakhale wolankhula. Namwino atsala woyera, wakupha ndi dokotala, koma mawu onse a bambo alimo. Wotsogolera anamukumbatira. Chimene chinkamuluma Mzime usana ndi usiku n'chakuti kwa kanthawi kochepa ananyadira nzeruyo.

"Chithunzi cha galimotochi ndikhoza kuchichotsa pompano," anatero Lumo, chala chili pabatani. "Nena chabe."

Mzime anayang'ana dokotala woima pakompyutapo ndi makiyi m'manja. Akachichotsa, wotsogolera amuchotsa iyeyo ntchito.

"Chisiye."

"Pakamwa pako ndi moto, koma pa bwana pokha umazima," anatero Lumo, n'kuyamba kufunafuna nsapato zake pansi pa tebulo.

Filimuyo anaionetsa koyamba masana, muholo imene mazenera ake anawatchinga ndi nsalu zakuda. Bambo anavala jekete ya paukwati wawo, ndodo ili pakati pa mawondo. Mzime anakhala pambali pawo kuti aziwanong'oneza zooneka.

"Pano namwino akutsegula kabati ya mankhwala."

"Ndi wokongola?"

"Kwambiri."

"Ndiye alakwitsa kale. Wanga anali ndi mapazi ngati mafosholo."

Anaseka chapansipansi. Ochita sewero akamalankhula, milomo ya bambo inkayenda nawo limodzi, nthawi zina kuwatsogolera. Sanaphonye liwu. Pamene mwana ankamwalira, mayi wina kumbuyo kwawo anatsonya.

"Mfiti iyi."

"Nanga aja anachira aja, anawachiritsa ndi agogo anu?" anamuyankha mwamuna wake.

Bambo anamufinya Mzime pabondo. "Wamva, mwanawe? Ayambana. Ndi yemweyo, namwino wanga. Wamusunga bwino."

Mzime analakalaka mpando utamumeza. Anaganiza zowauza kuti atuluke kukapuma mpweya, koma filimu inali itafika kale kumapeto. Pachinsalu mayi wokolopa ananyamula kachikwama kake, akulira mawu amene bambo anamulembera. Chitseko chinatsekeka. Kenako chete.

M'cheteyo munamveka mapazi pamiyala. Makiyi. Chitsulo chikutseguka.

Mzime sananong'oneze kanthu.

Holo yonse inapuma kamodzi. "Aaa, kodi ndi adokotala," anatero wina kutsogolo. Mayi wa kumbuyo uja anadzimenya pachifuwa. "Ndamulakwira mwana wa eni, ine." Mwamuna wake anaseka, mkangano wawo watha. Wina anayamba kuwomba m'manja, anzake n'kulandira, mpaka phokoso linadzaza holo ngati mvula padenga la malata.

Dzanja la bambo linachoka pabondo pake pang'onopang'ono.

"M'buku langa mulibe galimoto."

"Akungoonetsa panja, Bambo."

Bodzalo linatuluka mosavuta. Kuwala kwa filimu kunkasewera pankhope ya bambo, pamaso awo otuwa amene ankayang'ana pang'ono kumbali kwa chinsalu, pamene panalibe kanthu. Wotsogolera filimu anali atatembenuka pampando wake kutsogolo, akumukwezera Mzime chala chachikulu.

"Panja," anabwereza bambo. Mawu awo anali otsika, koma Mzime anawamva bwino kuposa manja onse aja. "Mwana wafa. Mayi wosalakwa wachotsedwa ntchito. Pamenepa anthu anafunika kutuluka osayang'anana. Koma ndikumva akusangalala ngati timu yawo yagoletsa."

"Tikakambirana kunyumba, Bambo."

"Kunyumba ndikamva zimene wakonza m'njira. Ndikufuna za pano."

Anapapasa mumdima mpaka kupeza chibwano chake, n'kumutembenuzira kwa iwo. Zala zawo zinakhudza misozi, koma sizinaipukute.

"Muholo monsemu ndatsala ndekha amene sindikudziwa mathero a nkhani yanga. Mzime, ndiyankhe. Anthuwa aona chiyani?"