Makutu a Mlongo Wawo

Tandiyankhani inu opita kusukulu: ndi chipewa chanji chosatchinga dzuwa kapena mvula, koma chimamva miseche ya m'mutu? Mwagonja? Ndi chimene anawaveka amayi ena, atelala, kuchipatala, cha mawaya nyankhalala ngati tsitsi la munthu wodzuka mochedwa.

Atelalawa sitiroko inawalanda manja, miyendo ndi mawu, koma nzeru inazisiya zamphumphu. Adokotala anati ubongo umatulutsa timafunde, chipewa chimatitola, kompyuta n'kutiwerenga. Ukaganiza zogwedeza dzanja lamanja, kampira ka pakompyuta kamapita kumanja. Kampira kakamvera, njinga ya olumala nayo idzamvera. Koma kwa atelala kankangoti duu, ndipo tsikuli linali lomaliza kuyesa. Kakakana, chipewa chipita kwa wodwala wina, iwo n'kumangokankhidwabe ngati wilibala.

"Ganizani kuti mukufumbata dzanja, mayi," anatero adokotala.

Anafumbata m'maganizo mpaka thukuta kamukamu. Kampira osasuntha.

Wowakankha pa njinga anali mlongo wawo wamng'ono, wa pakamwa ngati wailesi yothyoka batani.

"Achemwali, mutu wanuwu wachita dzimbiri. Adokotala, ndivekeni chinacho ndiwaonetse. Ubongo wa m'banja mwathu unathera kwa ine."

Pofuna mtendere, adokotala anamuveka chipewa china. Mlongoyo anakhala kutsogolo, n'kuwapatsa achemwali ake nkhongo.

Atelala anangoona makutu awiri atatuluka m'chipewa ngati zogwirira poto. Makutu omwewa iwo ankawapotokola mlongoyo ali mwana, akawabera mabatani. Dzanja louma lija linayamba kuyabwa. M'maganizo anagwira khutu lamanja, n'kulipotokola mosanyengerera.

Kampira kaja liwiro kumanja!

"Mwaona?" anakuwa mlongoyo. "Komatu sindinayambe n'kuganiza komwe!"

Atelala anasiya khutu lamanja. Anagwira lamanzere ndi dzanja linalo. Kampira kumanzere.

"Eee, ine ndine woopsa! Anamwino, itanani anzanu adzaone."

Adokotala anayang'ana timafunde tikuvina pakompyuta, kenako anayang'ana atelala m'maso.

"Mayi, ngati ndinu, kaimitseni."

Atelala anasiya makutu onse. Kampira kanaima.

"Ndakalamula ndine kuti kapume," anatero mlongoyo, akudzigunda pachifuwa.

Adokotala anawerama, natola chingwe chimene chinali lende pansi pa mpando wa mlongoyo.

"Bambo, chipewa chanuchi sindinachilumikize n'komwe. Mayi, mwapambana. Mawa tiyamba kuyendetsa njinga."

Anamwino anaseka mpaka kugwira khoma, adokotala anabisa nkhope m'manja. Atelala nawo anaseka ndi mbali imodzi ya pakamwa, misozi ikutsikira m'khosi.

Mlongoyo anavula chipewa pang'onopang'ono, tsitsi lili nyowe ndi mankhwala omatira mawaya.

"Ndimadziwatu ine. Ndimangowalimbitsa mtima achemwali."

"Inde bambo," anatero anamwino akupukuta maso, "mutu wopanda chingwe umalimbitsadi mtima."