Tsitsi la mu Fani

"Achemwali, tagwirani apa," anatero mmisiri wa makompyuta uja, akundikankhira laputopu patebulo. "Musaope, siluma."

Ndinaika chikhatho pa tizibowo ta m'mbali, momwe mumayenera kutuluka mpweya. Simunkatuluka kanthu. Pulasitiki yokha ndiyo inkaotcha ngati simbi, ndipo m'kati munkamveka kaphokoso kofooka, ka chinthu chofuna kuzungulira koma chikulephera. Posakhalitsa sikirini inangoti bii.

"Mwaona? Ikudziteteza imeneyo. Ikatentha kwambiri imazima yokha kuti isapse. Fani ili moyo, koma china chake chaigwira pakhosi."

Laputopuyo inali yanga, ngakhale panali patapita zaka ziwiri ndisanaigwire. Ndiyo inkandidyetsa. Ndinkakhala nayo pakhonde la sitolo ina pafupi ndi maofesi, n'kumataipira anthu makalata ofunsira ntchito. Mng'ono wanga atasankhidwa kukaphunzira unamwino mumzinda wina wakutali, anati kukoleji munthu wopanda laputopu ndi wongoperekeza anzake. Ndinaipukuta bwinobwino, ndinaikulunga m'juzi yanga, n'kumulongedzera m'sutikesi. Ine ndinakalowa ntchito yochapa ndi kusita kuhotela. Anzanga akamandiseka kuti zala za taipi zasanduka za sopo, ndinkawauza kuti aseke msanga, chifukwa kwathu kukubwera namwino wa yunifolomu yoyera mbee.

Amene anandibweretsera laputopuyo anali amayi, dzulo lake. "Mng'ono wako watumiza pabasi," anatero. "Akuti ikumangozima, ndipo mayeso ayandikira. Ukonzetse msanga, mwana asavutike." Ndinapempha tchuthi cha tsiku limodzi n'kuthamanga nayo.

Mmisiri uja anaitembenuza chafufumimba n'kuyamba kumasula masikulu, akuwaponya m'kachivindikiro ka botolo. Atachotsa chotsekera cha pansi analumula kaye batire, kenako anandionetsa fani, kachinthu kakang'ono kosakwana n'chikhatho chomwe. Anakakankha ndi nsonga ya sikuludilaiva. Kanasuntha pang'ono n'kuima. Ndiye anatenga kopanira kachitsulo, anapisa pakati pa fani ndi tizibowo tija, n'kusolola chinthu chakuda, chothinana ngati chidutswa cha bulangete.

"Eee," anatero, akukweza magalasi ake pamphumi. "Fumbi ndiye ndimaliona tsiku lililonse. Laputopu za aphunzitsi zimatuluka choko. Za anthu ogona nazo pabedi zimatuluka ubweya wa zofunda. Koma ichi ndiye china."

Anachiyala papepala loyera n'kuchimwaza ndi chala. Linali tsitsi. Silinali lalitali ngati lothothoka popesa ayi, linali tizidutswa tating'onoting'ono, tofanana msinkhu, todulidwa ndi makina.

"Mwiniwakeyu ndi wometa?"

"Ndi mwana wasukulu," ndinatero monyadira. "Akuphunzira unamwino."

"Ndiye kuti odwala ake amayamba wawameta kaye," anaseka. "Taonani, imvi izi, ndevu izi. Muli mitu ya anthu ambiri umu, achemwali, ndipo si ya sabata imodzi. Makina akamameta timauluka timeneti, fani n'kumakoka pang'onopang'ono mpaka kutseka njira."

Ndinaseka naye, koma pakamwa pokha. Wometa ndinkamudziwa mmodzi. Anthu ankamutcha Shasha, mnyamata wamtali wa pakamwa potsekemera, ndipo shopu yake inali kuseri kwa msika, mumzinda mwathu momwemo. Mng'ono wanga asanapite kukoleji ndinawapezapo ali limodzi kangapo. Anandigwadira akulira, n'kulumbira kuti zinatha.

Mmisiri anapitiriza ntchito yake, sanadziwe kuti wandilasa. Anasesa fani ndi kaburashi, anaipemerera ndi kapampu, anadonthezera kadontho ka mafuta pakati pake. Anapala phala louma lomwe linali pa kachitsulo kena kamene kamatentha kwambiri n'kupaka latsopano. Atayatsa, fani inazungulira mwakachetechete, ndipo kampweya kofunda kanandiomba pachikhatho.

"Yachira," anatero. "Koma akakaibwezera pomwe imakhalapo, tidzaonananso."

Njira yonse yopita kumsika ndinkamuikira kumbuyo mng'ono wanga. Mwina pafupi ndi hositelo pali wometa. Mwina anabwereka mnzake. Munthu ukamukonda umamupezera mabodza amene iye mwini sanawaganizeko n'komwe.

Shopu ya Shasha inali yotsegula. Pampando panali bambo wina atamangidwa nsalu m'khosi, makina akulira m'mutu mwake. Pansi pa galasi panali shelefu, ndipo pashelefupo panali masipika awiri ali duu, chingwe chawo chikulendewera popanda polumikiza. Chapakona mtsikana wina ankasesa tsitsi, atawerama movutikira chifukwa cha mimba.

Anaweramuka, n'kundiona. Anali mng'ono wanga. Tsache linagwa.

"Achemwali..."

"Mayeso akuyamba liti?" ndinafunsa. Mawu anga anatuluka ofatsa moti ndinadabwa nawo ndekha.

Anayang'ana pansi. "Ndinasiya chaka chatha. Ndimafuna ndikuuzeni."

"Chaka chatha? Nanga mafoni aja? Odwala aja unkati ukuwasambitsa? Mphunzitsi wankhanza uja, amene ndinkamutukwana nawe limodzi?"

Amene anayankha ndi Shasha, atazimitsa makina ake, mano onse pamtunda.

"Alamu! Takulandirani. Mwatikonzeratu? Mwachita bwino, makasitomala ayamba kudandaula. Shopu yopanda nyimbo imakhala ngati pamaliro."

Ndinaifungatira laputopu ija pachifuwa. Ndinkafuna kukuwa, kugenda galasi lija ndi sipika. Mimba yakeyo sinandipweteke mtima kwenikweni. Mwana ndi mwana, tikanalera. Chinandipweteka n'chakuti miyezi yonseyo ine ndikusuka mashiti a alendo mpaka zala kusupuka, iye anali pomwepa, mtunda woyenda wapansi, akundiimbira foni ngati ali kutali, ndipo laputopu yanga ikuimbira nyimbo anthu odzameta ndevu. Anandipusitsa, ndipo ine ndinkaombera m'manja.

"Ine ndiye wandipha kale," ndinamuuza mng'ono wanga, misozi itayamba kutsika. "Koma amayi? Amayi amene akuuza mpingo wonse kuti akupempherere mayeso? Ndikawauza ndi pakamwa pati? Ukufuna agwe?"

Mng'ono wanga anatukula maso, koma sanayang'ane ine. Anayang'ana katani ya kuseri kwa shopu, yotchinga khomo la chipinda chawo. Shasha nayenso anasiya kumwetulira. Ngakhale bambo wometedwa theka uja anatembenuka.

Katani inagwedezeka. Munatuluka amayi, atavala masilipasi a m'nyumba, atanyamula beseni la matawulo ochapa kumene.

Anandiona. Kenako anatsitsa beseni pabenchi, anandipatsa msana, n'kuyamba kukoleka matawulo pamisomali ya kukhoma: loyera pafupi ndi galasi, labuluu pafupi ndi sinki, lina kuseri kwa chitseko, osafunsa munthu kuti ili limakhala pati.