Buku Lodula Mchira

A Telala anali ndi chizolowezi chimene mwana wawo ankadana nacho: buku lililonse ankaliyambira kumapeto. Iwo ankati buku ndi chovala n'chimodzimodzi. Wodziwa kusoka akapatsidwa diresi sayamba ndi kusirira maluwa ake, amalitembenuza kaye n'kuona msoko. Munthu wa m'bukumo akafa patsamba lomaliza, ankalitseka n'kuliika pambali. Akapulumuka, ankabwerera koyambirira n'kuwerenga mtima uli m'malo.

Mabukuwo anayamba kuwawerenga atagundidwa ndi njinga yamoto pamsewu wa kutsogolo kwa nyumba yawo yomwe, akuchokera kogula ulusi. Chiuno chinathyoka, madokotala anachilumikiza ndi chitsulo, chinapola. Anawapatsa ndodo n'kuwauza kuti aziyenda tsiku lililonse. Ankayendadi: kuchoka pabedi kupita pa makina osokera, kuchoka pa makina kupita pawindo. Chipinda chawo chinali pamwamba pa sitolo ya zitsulo. Masitepe ankatha kutsika, koma akangofika pachitseko cha kumsewu n'kumva kulira kwa injini, mantha ankawagwira. Ankabwerera.

Makasitomala anatha mmodzimmodzi. Telala wosakasankha yekha ulusi amasokera chovala ndi ulusi umene wapezeka, ndipo mwini chovala sabweranso. Pawaya panatsala mahang'ala opanda kanthu ndi siketi imodzi yofiirira, yosamaliza, yodikira ulusi wa mtundu wake.

Mwana wawo wamkazi, namwino, ankabwera Loweruka ndi chakudya komanso mabuku obwereka ku laibulale ya tsidya lina la msewuwo. Loweruka lina anabwera ndi mwamuna wake, amene atangolowa anayamba kuyeza kabati ndi maso.

"Amayi, takambirana," anatero mwanayo. "Mwezi uno ukatha musanatuluke panokha, tidzakutengani. Muzikagona ndi adzukulu anu."

"Nanga makina?"

"Kwathu malo ndi ochepa, amayi," anayankha mkamwiniyo. "Komanso makinawo ndi akale. Tiwapezera munthu."

"Wakale ndine, bambo. Mundipezerenso munthu."

Mwanayo anaika chakudya m'kabati, anasiya buku limodzi lokhuthala patebulo, n'kumapita.

A Telala analitembenuza monga mwa masiku onse. Kumapeto kunalibe. Wina anali atang'amba mutu wonse womaliza, pamsoko pangotsala timano ta mapepala. Tsamba lotsalalo linkanena za mayi wina wobereka kumsana mwana wodwala, ataima pa mlatho wa zingwe, mtsinje utadzaza pansi pake. Mawu anathera pakati pa chiganizo, mayiyo atangonyamula phazi.

Anaimbira mwana wawo foni.

"Buku wandibweretserali ndi lodula mchira."

"Amayi, ndili ndi odwala. Ku laibulale lilipo linzake, ndinaliona pashelefu. Pawindo panupo laibulaleyo mukuiona."

Foni inaduka.

Anakhala masiku angapo osalikhudza. Iwo nthawi zonse ankati kulimba mtima kwa anthu a m'mabuku n'kotchipa, popeza wolemba amakhala atawalambulira kale njira. Koma m'chipindamo munali zii, mabuku ena anali atabwezedwa, ndipo munthu sangathe tsiku lonse akuwerenga mahang'ala. Analiyamba koyambirira.

Kanali koyamba kuwerenga asakudziwa kumene nkhani ikupita, ndipo sizinawasangalatse. Tiyi ankazizira m'kapu. Mayi wa m'bukumo mwamuna atamuthawa, iwo anatsonya. Atagulitsa bulangete kuti apeze mankhwala a mwana, anamukalipira mokweza: "Iwe, nanga ufunda chiyani?" M'chipindamo munalibenso wina womukalipira. Atafika pamlatho paja anapeza kuti chala chawo chikufunafuna tsamba lomwe kunalibe. Chinawabaya n'chakuti mayiyo nayenso tsamba lotsatira sankalidziwa. Phazi ananyamula ali mumdima womwewo umene anali iwo.

"Chitsiru cha mkazi," anatero, n'kuyamba kufuna nsapato zawo zoyendera pansi pa bedi.

Mmawa mwake anaika buku m'chikwama. Poti telala satuluka chimanjamanja, anadulanso kachigamba mkati mwa mpendero wa siketi yofiirira ija n'kukapisa m'thumba. Anatsika masitepe. Mwini sitolo ya zitsulo anali kalikiliki kukangana ndi kasitomala pa nkhani ya misomali, sanawaone n'komwe.

M'mphepete mwa msewu anaima nthawi yaitali. Njinga zamoto zinkadutsa ngati mavu otosedwa, ndipo chitsulo cha m'chiuno chinkachita ngati chazizindikira. Anthu ankawalambalala monga mmene amalambalalira mtengo wa magetsi. Kawiri konse anatembenuka kuyang'ana chitseko chawo.

Kenako panafika bambo wina atasenza matiresi pamutu. Sanayang'ane uku kapena uko, anangolowa mumsewu, ndipo magalimoto anachepetsa liwiro, pakuti matiresi amaonekera patali kuposa munthu. A Telala anadziphatika pambali pake, mumthunzi wa matiresiyo, ndodo ikugogoda phula. Atafika tsidya lina bamboyo anakhota n'kumapita, osadziwa kuti wawolotsa munthu.

Ku laibulale anapeza mayi wa magalasi akumata buku ndi guluu. Anamuikira buku lawo patsogolo, atalitsegula podukapo.

"Aa, nalonso ang'amba? Pepani, agogo. Anthu amakulungira zinthu."

"Ndikufuna linzake."

Mayiyo anapita kukaona pashelefu, anabwerako ali chimanjamanja.

"Wina analibwereka dzulo. Libwera Lachinayi. Koma ine ndinaliwerengapo, ndingokuuzani mmene linathera?"

A Telala anagwira m'mphepete mwa tebulo. Mathero amenewo ndiwo anadzera.

"Nenani."

"Anawoloka. Kapena dikirani... mwana uja ndiye anachira, koma iye... ayi, limenelo ndi buku lina, la sitima." Anavula magalasi n'kuwapukuta. "Ndawerenga ambiri, agogo, asakanikirana."

"Ndiye mumalondera mabuku kapena mumangowafungatira ngati nkhuku?"

Mayiyo anaseka. "Lachinayi ndikusungirani. Mutuma ndani?"

A Telala anayang'ana kunja kudzera pachitseko. Pamwamba pa sitolo ya zitsulo windo lawo linkaoneka laling'ono kwambiri, katani ili yotsekula theka, mkati mulibe munthu.

"Ndilibe wotuma," anatero. "Ndibwera."

Sitolo ya ulusi inali pafupi pomwepo. Wogulitsa anali wachilendo, sanawadziwe. A Telala anatulutsa kachigamba kaja, anakana ulusi woyamba ndi wachiwiri, anapita nawo wachitatu pakhomo kukauona padzuwa, n'kuugula.

Pobwerera panalibe wa matiresi. Anamudikira ndithu, mpaka anadziseka okha: matiresi sasamuka kawiri patsiku. Anadikira basi yaikulu idutse, anakweza ndodo m'mwamba kuti ioneke, n'kunyamula phazi. Njinga ina inaliza hutala, wokwerapo anatukwana. Iwo sanamuyang'ane. Maso anali pachitseko chawo mpaka anachigwira.

M'chipinda anakhala pabedi osavula nsapato. Anaimbira mwana wawo. Foni inaitana, inaitana, palibe anayankha. Anaiika patebulo pambali pa buku lija.

Anavundukula makina, anadonthezera mafuta m'malo ake, n'kulowetsa ulusi watsopano m'singano. Unagwirizana ndi nsaluyo moti msoko sunkaoneka. Atamaliza anaisita siketiyo n'kuipachika kutsogolo kwa mahang'ala onse, moyang'anizana ndi chitseko, pamene munthu wobwera Loweruka kudzayeza kabati angayambe waiona.